Nkhalamba ya Pazenera

Olemekezeka a wapampando a bungwe limene limasamala nyumba ya zithunzi ino, inu amene mwandilandira pakhomo paja ndi manja awiri ngati ndatsika m'galimoto yangayanga, chonsecho mwandiona ndi maso anu ndikutsika basi cham'mbuyo ngati munthu wotsika pamakwerero;

Olemekezeka mayi woyang'anira chionetsero chino, a magalasi aakulu inu, amene dzulo munapirira pakamwa panga osandithamangitsa;

Olemekezeka aphunzitsi aakulu a sukulu imene ana athu amaphunzirako, pamodzi ndi aphunzitsi onse amene mwabwera nawo;

Olemekezeka akuluakulu a zamalonda, amene mwathandiza kuti makomawa ayere chonchi, moti munthu ukuopa ngakhale kutsamira;

Atolankhani, amene ndikumva kuti mwayamba kale kulemba ine ndisananene kanthu;

Mnyamata amene wajambula zithunzizi, yemwe mumsewu mwathu timamutchula kuti Achete, ndipo ndikudziwa kuti waima kumbuyo uko pafupi ndi chitseko ngati munthu wodzafunsa njira;

Makolo nonse, anansi anga, mwana wanga wamwamuna ndi apongozi anga amene mwakhala pamzere wachiwiripo. Ndi inu ana, eni ake a nkhope zimene zapachikidwa pamakomazi: ndakupatsani moni nonse. Amene ndamudumpha andikhululukire. Maso angawa masiku ano amaona anthu ngati aima kuseri kwa katani, ndiye ulemu ndikupereka motsatira mawu amene ndamva ndi mafuta amene ndanunkhiza.

Ndikudziwa kuti ena mukudzifunsa kuti zatheka bwanji, mumzinda wodzaza ndi anthu ophunzira, kuti mlendo wolemekezeka akhale nkhalamba imene sukulu inangoisuzumira pazenera. Musachite manyazi, funso limenelo ndinayamba kufunsa ndine. Achete atabwera kudzandiuza, ndinati, "Iwe, akuluakulu onse akukanira?" Iye akuti, "Ayi agogo, sindinawapemphe n'komwe." Ndinati, "Ndiye kuti mutu wako sukuyenda bwino." Akuti, "Mwina." Basi, nkhani inathera pomwepo. Mnyamata ameneyu mawu amawaumira ngati amachita kugula.

Ndiyambe ndi kuthokoza, chifukwa ndauzidwa kuti alendo olemekezeka amayamba choncho. Ndikuthokoza amene munapereka nyumba, ndikuthokozanso amene munakhoma misomali. Ndikuthokoza amene munalola kuti ana anu ajambulidwe, ndikuthokozanso amene munakana, chifukwa kukana kwanu kunatipatsa chokamba mumsewu mwathu nyengo yonse ya mvula.

Achete anatulukira mumsewu mwathu chaka chatha, kamera ili pakhosi. Ife tinkadziwa kajambulidwe kamodzi kokha: munthu amasamba, n'kudzola, n'kuvala chovala cha pansi pa sutikesi, n'kuima chilili dzanja lili pamaluwa a pulasitiki, n'kumwetulira mpaka masaya kuwawa. Ndiye titamva kuti kwabwera wojambula, msewu wonse unasamba. Amayi a pagolosale anakakonzetsa tsitsi. Telala wa pakona anavala jekete dzuwa likuswa mtengo. Achete n'kulowa m'nyumba, n'kukhala pakona, kamera pamiyendo, osajambula. Mawa lake chimodzimodzi. Tsiku linalo chimodzimodzi. Tinamupatsa tiyi, anamwa. Tinamufunsa ngati kamera yake yafa, akuti ili moyo. Mpaka tsitsi la amayi a pagolosale linabwerera mwakale, jekete la telala linabwerera pamsomali, ife n'kuyambiranso kukalipirana, kuyasamula ndi kukanda pamene payabwa, titamuiwala munthu ngati mmene umaiwalira tsache kuseri kwa chitseko. Apo m'pamene chala chake chinayamba kugwira ntchito. Ndipo sankafuna ife akuluakulu ayi. Ankafuna ana.

Zimene anapeza ndi izi zatizungulirazi. Uko kuli mwana wa telala, waima pabokosi kuti afikire tebulo lodulira nsalu, pakamwa walumira mapini ngati bambo ake. Uko kuli mtsikana wa kunyumba ya chitseko chobiriwira, wabereka mng'ono wake amene mapazi ake akufika m'mawondo mwa womuberekayo. Uko kuli mnyamata amene amakatenga bambo ake kumowa, wajambulidwa akudikira panja, manja kumbuyo ngati mlonda. Bambo akewo sindiwatchula, akudzidziwa okha, ndipo kutsokomola kwawo ndakumva. Zithunzi zonse n'zakuda ndi zoyera, ndipo palibe mwana ndi mmodzi yemwe amene akuseka. Nditangoziona ndinakwiya. Ndinati mnyamatayu watimwera tiyi wathu kuti adzatiyalutse pagulu.

Ine ndi zithunzi tili ndi mlandu wakalekale, ndipo mundilole ndiukambe mwachidule, ngakhale anansi anga akudziwa kuti chidule changa chimafuna mpando. Ndili wamng'ono kuposa ana awa, mano a kutsogolo atangoguluka kumene, ndinatumizidwa kukalera mwana kunyumba ya anthu ena. Tsiku lina kunabwera wojambula wa kamera ya miyendo itatu. Ankafuna kujambula khandalo lili pampando, koma khanda silinkatha kukhala lokha, linkangogwera kumbali ngati thumba losadzaza. Mayi wa nyumbayo anati, "Iwe, lowa kuseri kwa mpando, umugwire m'chiuno." Ndinagwada kuseriko, iwo n'kundifunditsa nsalu ya patebulo kuti ndisaoneke. M'nsalumo munali mdima, munkanunkhira sopo. Ndinamva wojambula uja akuti, "Kamtsikanako kasapume, nsalu ikugwedezeka." Ndiye sindinapume. Chithunzi chitabwera anachipachika pabalaza, ndipo wochipukuta fumbi m'mawa uliwonse ndinali ine. Khanda lonenepa, mpando wokongola, nsalu ya maluwa. Koma ukayang'anitsitsa pansi pa mkono wa khandalo, pankaoneka tinsonga ta zala. Pabalaza pakakhala popanda munthu ndinkaika zala zanga pagalasipo kuti ndione ngati zakula. Chithunzi cha ubwana wanga n'chimenecho, china palibe, ndipo nachonso chinatsala kwa eni ake.

Tsopano ndifike pa chimene chandiimitsa pano, chifukwa si mpando wa ulemuwu ayi. Ndili ndi mdzukulu, mwana wa mwana wanga wakhala apoyo. Ali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Dzina lake lenileni ali nalo, labwino ndithu, koma mumsewu mwathu aliyense amamuti Kagogo. Taimirira akuone. Ayi, khala, usaimirire. Wakwinya kale nkhope, ndikudziwa ngakhale sindikukuona.

Bambo a kunyumba kwanga atamwalira ndinatsala ndekha m'zipinda ziwiri. Amene simunakhalepo nokha simungadziwe kuti nyumba imalankhula. Mpopi umadontha, denga limathetheka dzuwa likatentha, chitseko cha kabati chimatseguka chokha. Umaphika, n'kupakula mbale ziwiri mwachizolowezi, kenako n'kubwezera inayo mumphika mwakachetechete ngati pali amene akukuona. Ndinkayankha wailesi. Wowerenga nkhani akati, "Mwaswera bwanji," ine ndinkamuuza zonse: bondo, msana, ndi khalidwe loipa la mphaka wa aneba. Tsiku linkatha osatsegula pakamwa kwa munthu wamoyo, ineyo amene mukundimva panoyu, moti pofika madzulo mawu ankatuluka a dzimbiri. Kenako ndinaterereka m'bafa. Ndinagona pasimenti ponyowa mpaka amayi a pagolosale anadabwa kuti bwanji sindinabwere kudzanyoza buledi wawo.

Zitatero ana anga anakhala pansi. Zondisamutsa ndinakana, ndipo ndikukanabe. M'nyumba imene ndinakalambiramo miyendo imadziwa yokha pamene pali tebulo. Ndiye mwana wangayu anati, "Mayi, tikupatsani mwanayu akhale nanu miyezi yochepa, mpaka mwendo uchire." Mwendo unachira. Maso n'kuyamba. Miyezi yochepa ija yabala zaka.

Anabwera ndi kachikwama ndi chidole cha dzanja limodzi. Masiku oyambawo ankadumpha chingwe pakhonde, ankaimba m'bafa, ankaswa makapu. Ine pakamwa ndinkakalipa, koma mumtima ndinkati iswa ena mwana iwe, bola phokoso. Pang'ono ndi pang'ono anaphunzira mankhwala a m'mawa ndi a madzulo, anaphunzira kundidonthezera m'maso, kundilowetsera ulusi pasingano, kundiwolotsa msewu. Akaweruka kusukulu amathamangira kunyumba; anzake akamuitana amangoti, "Agogo ali okha." Makapu anasiya kusweka. Ine ndinkanyadira. Ndinkauza aliyense wodutsa kuti mdzukulu wanga ndi wanzeru ngati munthu wamkulu.

Dzina la Kagogo anamupatsa ndi anzake, ndipo ife tinkaseka nalo. Mwana akamakhala pampando amayamba wagwira bondo n'kunena kuti, "Mayo ine." Akapita kugolosale amatembenuza buledi uku ndi uku n'kunena kuti, "Kale buledi ankakhala buledi." Tsiku lina anyamata akumenya mpira pafupi ndi zenera, iye anatulutsa mutu n'kukuwa kuti, "Ana inu, mulibe kwanu?" Ena mwa anyamatawo ndi aakulu kuposa iyeyo. Sekani, sekani, nanenso ndinaseka mpaka misozi.

Apongozi anga sankaseka. Akhala akunena, mwaulemu wawo, kuti mwana abwerere kwawo akakhale ndi abale ake. Mwana wanga, pokhala mwamuna woima pakati pa mayi ndi mkazi, anapeza pobisala. Akuti, "Anene okha mayi. Akati mwana apite, apita." Ndiye akabwera kudzandiona, apongozi amayamba, "Amayi, paja nkhani ija..." Ine pomwepo khutu limafa. Ndimafunsa za mvula, ndimafunsa ngati firiji yawo inakonzedwa. Khutu langali limadziwa nthawi yofera. Mpaka dzulo m'mawa yankho linali lisanaperekedwe, ndipo anthu akhala akudikira pakamwa panga: bambo, mayi, ndi mwana amene sanafunsidwe n'komwe.

Dzulo Achete anabwera kudzanditenga kuti ndidzaone zithunzi anthu asanadzaze, poti akuti mlendo wolemekezeka asatsegule chinthu chimene sakuchidziwa. Kagogo anali kusukulu. Mayi a magalasiwa anandigwira mkono n'kumandiyendetsa khoma ndi khoma. Ine ndinkangoti, "Uyu ndi mwana wa uje, uyu bambo ake ndi aja anagwa ndi njinga." Iwo anati, "Agogo, mukuthamangira kudziwa kuti ndi ndani. Dzina likangobwera, maso amasiya ntchito. Tayambani mwafunsa kuti kuwala kukuchokera kuti, kukugwera pa chiyani, nanga chimene chasiyidwa mumdima n'chiyani. Mukatero muziyenda ndi maso pang'onopang'ono, kuchokera pamwamba mpaka pansi, ngati mukusita malaya." Ndinati, "Mayi, mumalipidwa chifukwa cha zimenezi?" Anati, "Pang'ono." Ndinati, "Ngakhale pang'onopo akuwonjeza." Anangoseka, n'kupitiriza kundiyendetsa.

Tinafika pa chithunzi chachikulu chija chili chokha pakhoma la kumapeto. Ndili chapatali ndinachizindikira. Chipinda changa. Zenera langa, la katani yong'ambika pakona. Mpando wanga wamatabwa, wa msana wautali. Ndipo pampandopo nkhalamba, yajambulidwa chakumbuyo pang'ono, nkhope yosaoneka bwino chifukwa kuwala kwa pazenera kwaisandutsa mthunzi. Juzi yanga yakuda ija ili pamapewa. Msana wapindika. Dzanja limodzi lagwira tsaya, lina lagona pabondo chagada, ngati likudikira kuti wina aikepo kanthu. Mutu wapendekera kumsewu.

Ndinatembenukira kwa Achete. Ndinati, "Wakuba iwe! Unati ukujambula ana okha, nanga ine unandiba liti?" Koma kunena zoona mtima unakoma. Ndinati pamapeto pake, nditakalamba, ndajambulidwa thupi lonse, popanda nsalu ya patebulo. Ndinayamba kudzitama. Ndinati, "Taonani mayi, umu ndi mmene ndimakhalira masana onse. Apa ndiye mnyamatayu wandigwira ndithu. Uyu ndi munthu amene anzake onse anapita, amene sakudikiranso aliyense koma akulephera kusiya kuyang'ana kumsewu. Wandichepetsa thupi pang'ono, koma palibe kanthu, munthu ukamakalamba umafota." Ndinalankhula zambiri. Ndinawafotokozera mmene phewa lakumanzerelo linatsikira chifukwa chonyamula ana a eni. Ndinawafotokozera zimene nkhalambayo ikuganiza, ndi kulemera kwa mutu umene wagona padzanjapo. Mayiwa sananditsutse. Anangoti, "Mwafika pamawondo, agogo. Tsikanibe."

Ndinayandikira mpaka mphuno kugunda galasi, poti maso anga amaona chokhacho chimene ndikuchinunkhiza. Ndinatsika ndi juzi. Ndinatsika ndi siketi. Ndinafika pamiyendo ya mpando, ndikufunafuna mapazi anga otupawa pasimenti. Pasimenti panalibe kanthu, kuwala kokhakokha. Mapazi anali m'mwamba, akulendewera, osafika pansi, atavala sokosi zoyera za sukulu, imodzi itatsika.

Olemekezeka nonse, ine ndimadziwika ndi pakamwa. Ndinakanganapo ndi akondakitala, ndi anamwino, ndi mwamuna wanga mpaka sabata imene anatisiya. Dzulo pakamwa panauma. Ndinapempha mpando.

Mpweya utabwerera ndinamufunsa Achete kuti, "Unamuuza ndiwe kuti akhale choncho? Unamuveka ndiwe juzi yanga?" Akuti, "Ayi agogo. Inu munali mutagona masana. Iye anatsuka mbale, n'kuvala juzi, n'kukhala pamenepo." Ndinati, "Mpaka liti?" Akuti, "Mpaka munadzuka." Ndinati, "Nanga panja panali chiyani?" Akuti, "Anzake ankasewera." Kwa Achete imeneyo ndi nkhani yaitali kwambiri, moti anatuluka thukuta.

Ndamva kuti chithunzi chimenechi anthu ayamba kale kuchimasulira. Mayi a magalasi akuti chikukamba za nthawi, akuti ubwana ndi ukalamba zakhala pampando umodzi. Bambo wina wa zamalonda akuti chikuonetsa chikondi cha mwana pa agogo ake, ndipo akufuna kuchigula akachipachike muofesi. Mphunzitsi wina akuti ameneyu ndi mwana wodekha, wakhalidwe, chitsanzo kwa anzake. Sindikutsutsa aliyense, dzulo ndaphunzira kuti chithunzi chimalola munthu aliyense kuima patsogolo pake ndi katundu wake. Koma kumasulira kumene ine ndikukukhulupirira ndi kwanga kuja, kwa nthawi imene ndinkayesa kuti ndine. Zonse ndinanena zija zinali zoona. Munthu amene ali pampandoyo anzake anapita. Sakudikira aliyense. Phewa lake latsika, mutu wake walemera. Ndinangolakwitsa zaka zake.

Pakhomo paja andiwerengera zimene mwalemba pachikwangwani, zoti ana awa akukula msanga. Ena akukuladi msanga. Mwana wa telala posachedwapa adzakhala telala, ndipo mwina adzasoka zowongoka kuposa bambo ake. Koma wangayu wachita kudumpha. Wachoka paubwana n'kukatera paukalamba, osaima pena paliponse pakatipa, chifukwa m'nyumba muja munalibe wina womuonera kupatula ine. Mwana amatengera kayendedwe ka amene akuyenda naye, ndipo iye wakhala akuyenda ndi munthu wa ndodo. Ine ndinkati ndapeza wondichotsera kusungulumwa. Kusungulumwa kunakhalabe pomwepo, kunangopeza munthu wachiwiri.

Dzulo madzulo Kagogo atabwera kuchokera kusukulu ndinamuyang'ana ngati mlendo. Anaika chikwama, anasamba m'manja, anatenga kabotolo ka mankhwala a m'maso. Ndinati, "Iwe, chingwe chako chodumpha chija chili kuti?" Akuti, "Timayanikapo zovala, agogo, mwaiwala?" Ndinati, "Nanga chidole?" Akuti, "Ndinapatsa ana." Ndinati, "Tapita panja ukasewere." Anandiyang'ana, n'kundigwira pamphumi ndi kuseri kwa dzanja kuti aone ngati thupi latentha. Akuti, "Mwadya chiyani kumene munapitako?" Kenako anati, "Kwezani mutu, musaphethire." Ndinakweza mutu. Mankhwala aja anandithandiza kwambiri dzulo, chifukwa munthu akakudonthezera m'maso safunsa kuti madzi akutsikawo ndi a chiyani.

Ndiye iwe mwana wanga, bambo ake a mwanayu, unati ndinene ndekha. Ndasankha kunenera pano, pamaso pa a wapampando ndi atolankhani, chifukwa ndimadzidziwa: ndikanenera kunyumba, pofika mawa khutu lifanso, ndipo ndidzakanitsitsa kuti sindinanene. Pano pali mboni zambiri, zina zikulemba. Apongozi, mwana wanu mutenge. Lero lomwe lino, osati mwezi wa mawa, osati sukulu ikatsekera. Za sukulu aphunzitsi aakulu ali pompano, mukambirana tikatha. Zovala zake ndalongedza m'mawa uno iye akusamba, ndazisungitsa kugolosale, mudutsireko. Mukapezamo zanga zina mudzandibwezere, poti ine ndimalongedza ndi manja, osati ndi maso.

Mukakafika naye musakamutame kuti ndi wanzeru. Akakayamba kutsuka mbale osatumidwa, mukamulande. Akakakhala phee pazenera, mukamuthamangitsire panja ngakhale akwiye. Ndipo tsiku limene adzaswe kapu mudzandiimbire foni, ndidzamve nanenso. Apongozi, musalire chonchi, mufufutitsa zopaka kumasozo atolankhani asanakujambuleni.

Ukuti chiyani iwe Kagogo? Kweza mawu, anthu amve. Akuti, "Nanga mankhwala a m'maso azikudonthezerani ndani?" Mwamumva? Mwana akuuzidwa kuti akupita kwa mayi ake, funso lake loyamba ndi la mankhwala. Ndizidzidonthezera ndekha, mwana iwe. Dontho lina lidzagwera patsaya, lina m'khutu, lina lidzalowa ndithu. Amayi a pagolosale avomera kuti azigogoda m'mawa uliwonse, ndipo ndikapanda kuyankha aziswa chitseko. Mpata umenewo akhala akuufuna kalekale. Telala akuti azindiwolotsa msewu. Ukutinso chiyani? Kuti ndigwanso m'bafa? Ndikagwa ndigwa, bafa ndi langa. Si ntchito yako. Sinali ntchito yako chiyambire.

Sindikunamizani kuti zikhala bwino. Ndikudziwa chimene chikundidikira kuseri kwa chitseko chija madzulo ano. Ndinakhalapo nacho, ndikudziwa ndi fungo lake lomwe. Ndikatsegula, ndikaitana dzina lake mwachizolowezi, ndipo palibe amene akayankhe. Bedi lake ndikalipeza loyala bwino, poti ndi mmene amayalira, ndipo ndikalephera kudziwa choti ndichite nalo. Mawa nthawi yoweruka ana ndidzamva mapazi akuthamanga mumsewu, ndipo onse adzapitirira. Zimenezo ndi zanga. Ndi za msinkhu wanga, zikundikwana ngati nsapato yakale. Pa iye n'zazikulu.

Manjawo asungeni, a wapampando, sindinamalize, ndipo palibe chodabwitsa chimene ndachita.

Kwa inu nonse amene mulowe m'zipinda izi, pempho langa ndi limodzi. Musathamange. Musangoti, "Ogo, ana omvetsa chisoni," n'kutembenukira kumene kuli zoziziritsa kukhosi. Ana awa si akutali. Ena mwa iwo akuwiritsirani madzi osamba m'mawa uno, ena akutsekerani chitseko pamene mumabwera kuno. Chitani zimene ndinaphunzitsidwa dzulo ndi mayi amene ndinawanyoza, ndipo mayi inu, malipiro anu akuwonjezereni ndithu. Mukakafika kunyumba, mwana uja mumamutama kuti savuta, uja mumati ali ngati munthu wamkulu, kamuyang'aneninso.

Achete, mwana wanga, tiyi uja sanapite pachabe. Wandipweteka, ndipo ndikukuthokoza. Usayankhe, ndikudziwa kuti mawu a sabata ino unamaliza dzulo.

Ndauzidwa kuti tsopano ndidule riboni. Bweretsani sizasiyo. Riboniyo ili pati? Ine ndikungoona kufiira. Taonani, Kagogo waimirira kale, akubwera kudzandigwira mkono. Iwe, bwerera. Bwerera ukakhale pakati pa mayi ako ndi bambo ako. Ndati bwerera! Sizasi si choseweretsa ana. A wapampando, wamkulu ndinu, gwirani chigongono changa apa mundilozetse pamene pali riboni. Ndikadula tayi yanu, mlandu ndi wanu.

Ndi ulemu umene mwandipatsa, umene sindinaupemphe ndipo sindiubweza, ndikulengeza kuti chionetsero cha zithunzi za ana athu chatsegulidwa tsopano. Ana ayambe ndiwo kulowa, ndipo akathamanga m'zipindamo musawaletse.

Zikomo kwambiri.